Ndinachita Fotokope Kope la Mwana Wanga

Aphungu,

Tsamba lanu ndakhala ndikuliwerenga zaka zambiri, ndipo ndivomereze kuti nthawi zina ndinkawaseka anthu amene amakulemberani. Ndinkati nkhani zoterozo munthu amangogwada n'kuuza Mulungu, nyuzipepala ikudziwapo chiyani. Lero wagwira cholembera ndine. Kalatayi ndi yachitatu. Ziwiri zoyamba ndinang'amba nditaona kuti ndikudziikira kumbuyo.

Ndine bambo wa zaka 47. Ndili ndi kashopu ka fotokope m'kanjira ka kuseri kwa maofesi, pakati pa wokonza mafoni ndi wosoka nsapato. Ndimajambula ziphaso, makalata ofunsira ntchito ndi mapepala a mayeso akale. Kutchalitchi ndine mlembi wa gulu la mapemphero la anthu asanu ndi awiri, kuphatikiza ineyo, ndipo timakumana Lachiwiri tikaweruka. Mkazi wanga ali ndi saluni. Tili ndi ana atatu, koma nkhani ino ndi ya wachisamba, mtsikana wa zaka 16 amene ali Folomu 3. Kunyumba timamutcha Dona, chifukwa ali wamng'ono sankalola kuponda matope, ankangoima n'kukweza manja kuti timunyamule. Ndi mwana wanzeru, wolemba mooneka bwino, moti kutchalitchi ndiye amalemba manambala a nyimbo ndi zolengeza pa bolodi.

Miyezi iwiri yapitayo a hedi a kusukulu kwake anandiitana. Mwana anagona m'kalasi tulo tovuta kumudzutsa, ndipo atatsegula chikwama chake anapezamo mabotolo awiri a mankhwala a chifuwa, limodzi lopanda kanthu. Dona sankatsokomola. Zinadziwika kuti kwa pafupifupi chaka, iye ndi anzake akhala akusakaniza mankhwalawo ndi zakumwa za shuga n'kumamwa akaweruka, masiku ena n'kuwonjezerapo chamba. Aphungu, ine amene ndimaona kadontho ka inki pa pepala la munthu, chaka chonse sindinaone kanthu pa mwana wanga. Ndinkati tulo take n'ta kuwerenga kwambiri, mpaka ndinkanyadira kwa anzanga.

A hedi anatichitira chifundo. Anati sam'chotsa sukulu, koma apite ku kiliniki ya m'dera lathu komwe kuli mlangizi wa achinyamata, akakumane naye kasanu n'kamodzi, Lachinayi lililonse, ndipo akamaliza abweretse kalata. Popanda kalatayo, teremu ya mawa asabwerenso.

Tsiku loyamba tinapita tonse atatu. Chipinda chake n'chaching'ono, chili kuseri kwa kumene amayeza ana sikelo, muli mipando inayi yapulasitiki ndi wotchi yapakhoma. Mlangiziyo ndi mayi wachitsikana, ndipo mumtima ndinati kamwana aka kadziwa chiyani. Muyenera kudziwa kuti ine ndinasiya mowa zaka makumi awiri zapitazo, tsiku limodzi, pamaso pa mpingo, ndipo umboni umenewu ndimaupereka chaka ndi chaka, ngakhale mkazi wanga amati tsiku limodzilo linachitika katatu. Choncho ndinafunsa ngati chinthu chimene chamera mizu chaka chonse chingazuke ndi macheza a mphindi 45, popanda ngakhale nyimbo imodzi. Anayankha mosakwiya kuti iye salonjeza kuzula. Anati ntchito yake n'kuphunzitsa Dona kuzindikira chibaba chikamabwera ndi kudziwa chochita chikafika. Anam'patsa kope kuti nthawi iliyonse akachimva azilemba tsiku, nthawi, malo, amene ali naye, chimene chachitika, ndi mphamvu ya chibabacho kuyambira wani mpaka teni. Kenako anatembenukira kwa ife n'kunena mawu amene sindingati sindinamve, chifukwa anawanena kawiri: "Kope ili ndi la Dona ndi ine. Makolo simuliwerenga." Anati adzatiitananso tsiku lomaliza, ndipo anatipatsa ntchito yathu: tsiku lililonse kumuuza mwana chinthu chimodzi chabwino chimene taona mwa iye, ndi kusiya kumununkhiza pakamwa akalowa m'nyumba.

Mkazi wanga anaigwira ntchitoyo. Ine ndinayesa masiku atatu. Tsiku lachitatu ndinamuuza Dona kuti wandisitira bwino malaya, kenako pakamwa panangopitiriza pokha kuti akanasitanso moyo wake chonchi bwenzi tili pabwino. Mayi ake anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Komabe zinthu zinayamba kusintha. Dona anayamba kudya, maso anayera, anayambanso kukangana ndi azing'ono ake, chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndingachithokozere Mulungu. Dona anam'patsa mlangizi uja dzina loti Anti a Lachinayi, ndipo tsikulo ankakonzeka yekha osauzidwa. Apa m'pamene Satana analowera, ndipo analowera pa khomo la zabwino.

Sabata yachiwiri itatha, Dona anaiwala kope pa tebulo popita kusukulu. Ndinaliika m'thumba kuti ndim'sungire. Ndinalisunga mpaka 10 koloko. Nditatsegula ndinaona kuti mdani ameneyu ali ndi nthawi yake ndi malo ake. 3 koloko, kanjira ka kuseri kwa galaja, seveni. Loweruka masana, pa kagolosale kamene amagulapo mankhwalawo, sikisi. Ndinaganiza kuti ife a gulu la mapemphero takhala tikungowombera m'mwamba osadziwa pamene mdani wabisala, pomwe mapu ake ali m'manja mwangamu. Paja mutu umodzi susenza denga. Makina anali oyaka kale, Aphungu. Ndinajambula masamba anayi kasanu n'kawiri, kuti aliyense wa m'gulu atenge tsiku lake la pasabata.

Ndinayesetsa kusamala. Pantchito yathu ukafuna kuti mzere wina usatuluke, umadula kapepala koyera n'kuphimba pamzerepo usanatseke chivundikiro, ndipo pepala limatuluka ngati panalibe kanthu. Ndinaphimba dzina lake ndi maina a anzake, n'kuuza gulu kuti ndi mwana wa m'bale wina wakutali. Chimene sindinaganize n'chakuti anthu amenewa amawerenga zolemba za Dona pa bolodi Lamlungu lililonse. A Dikoni, amenenso ali m'gululo, anangondigwira phewa nthawi yaitali. Mayi otsogolera kwaya anandipempha kuti pepala lawo ndilimate m'pulasitiki kuti lisanyowe ndi misozi, ndipo ndinawamatira. Sabata yotsatira ndinajambulanso masamba atsopano. Ulendo umenewo kope sanaiwale, ndinachita kulitulutsa m'chikwama iye akusamba.

Anthu a Mulungu sanangopemphera ali kwawo. Mayi a kwaya anayamba kupezeka kuseri kwa galaja 3 koloko iliyonse ali ndi ambulera, n'kumuperekeza Dona mpaka pageti akuimba chapansipansi. A Dikoni anapita pa kagolosale kaja n'kusanjika manja pa chitseko, mwini wake akuyang'ana pawindo. Dona ankafika kunyumba n'kumauza mayi ake kuti masiku ano anthu a kutchalitchi achuluka m'misewu ngati nyerere. Ine ndinkangoti Mulungu ali ndi njira zake. Mkazi wanga, amene sankadziwa kanthu, anandiyang'ana n'kunena kuti njira zinazo zikununkha inki.

Lamlungu lapitali, titatha maulendo anayi, tikutuluka m'tchalitchi, mayi a kwaya anam'gwira Dona dzanja pamaso pa atsikana anzake n'kumufunsa ndi chikondi chenicheni kuti, "Lero chili pa zingati, mwanawe? Paja Lachitatu tinachisiya pa seveni." Ndinali pafupi. Ndinaona nkhope ya mwana wanga ikuuma. Anangoyang'ana buku la nyimbo la mayiwo, momwe pepala la pulasitiki lija linkasuzumira.

Lolemba Dona ataweruka anafika ku shopu ali m'yunifolomu, anadikira kuti ndimalize makasitomala awiri, kenako anapempha kuti aone pepala langa, la tsiku langa. Ndinam'patsa. Anatsegula kope lake n'kuliika pambali, n'kumawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. Apa ndiye pali tchimo limene sindinalitchule m'makalata awiri ndinang'amba aja. Panali mzere wina umene ndinauphimbanso, ndipo sunali dzina la munthu. Unali wakuti: Loweruka m'mawa, kunyumba, adadi akundipempherera pakhonde mokweza, akutchula zonse, aneba akuchapa akumva, naini. Naini, Aphungu. Kuposa galaja, kuposa golosale. M'kope lonse munalibe nambala ina yaikulu choncho.

Dona sanakuwe, sanalire. Anangofunsa kuti, "Adadi, nanga mzere wanu uli kuti? Kapena umenewo sufunika pemphero?" Kenako anasiya kope pa galasi la makina, nati ndilisunge poti ndi langa, n'kutuluka. Wosoka nsapato, amene amamva chilichonse kudzera m'khoma la matabwa, tsiku limenelo sanandipatse moni wotsanzikana.

Lachinayi, tsiku la ulendo wachisanu, sanapite. Anauza mayi ake kuti sangakhalenso m'chipinda chija n'kumalankhula, podziwa kuti chilichonse chimene anganene chikathera pa galasi la makina. Mlangizi anaimba foni kufunsa ngati akudwala, ine n'kuyankha kuti chimfine. Limenelo ndi bodza lina. Anandiuza kuti ana odikira malo ndi ambiri, choncho amene wajomba kawiri motsatizana malo ake amapatsidwa kwa wina, ndipo kubwereranso pamzere kumatenga miyezi. Lachinayi likubwerali akapanda kupita, kalata ya kusukulu palibe. Koma chimene chikundidya kuposa kalata n'chakuti dzulo anafika dzuwa litapendeka, maso ali ofiira, ndipo sindikudziwa ngati n'kulira kapena n'zija. Sindinanunkhize. Ndinafuna.

Mkazi wanga atamva zonse ananena mawu ochepa. Anati m'saluni mwake amamva zinsinsi za azimayi a dera lonse, za mabanja ndi za matenda, koma palibe ndi chimodzi chomwe chinasesedwa kunja pamodzi ndi tsitsi. Kuyambira pamenepo amandiyankha ndi mutu.

Tsopano ndithandizeni. Maganizo amene ndili nawo ndi akuti Lamlungu ndiimirire pamaso pa mpingo wonse, ndiulule zonse zimene ndinachita, ndiwerenge ngakhale mzere uja mokweza, ndipemphe mwana wanga andikhululukire pamaso pa anthu, kuti manyazi amene ndinam'patsa agwere ine. Mawu ake ndalemba kale, masamba awiri. A Dikoni akuti ndi maganizo ochokera kumwamba. Kapena ndingomugwira dzanja Lachinayi n'kupita naye mokakamiza? Palinso funso lina limene ndikuchita nalo manyazi. Masabata amene Dona anasintha ndi omwewo amene gulu linkapemphera ndi mapepala aja. Ndingadziwe bwanji kuti chinam'thandiza ndi macheza a ku kiliniki, osati ambulera ya mayi a kwaya? Ndikawaletsa, si ndikhala ndikugwetsa mpanda?

Mundidzudzule ngati n'kofunika, sabata ino ndazolowera.

L.D.M., mumzinda muno.

Bambo L.D.M.,

Kalata yanu ndaidumphitsa pamzere chifukwa Lachinayi silidikira. Ndiyambe n'kukuuzani chinthu chimodzi chabwino chimene ndaona mwa inu, monga anakuphunzitsirani mlangizi uja, ndipo ine sindiwonjezera za kusita. Mwanena zoona, mpaka mzere umene munaphimba. Abambo ambiri akanandilembera za kusamvera kwa ana a masiku ano.

Tsopano masamba awiri mwakonzera Lamlungu aja, ang'ambeni. Musawajambule kaye. Ndikudziwa kuti inu mtima umapepuka mukaulula pagulu, ndipo pa nkhani ya mowa wanu zinakuyenerani, chifukwa mowawo unali wanu. Koma tchimo ili simungalifotokoze popanda kufotokoza za Dona. Panopa akudziwa ndi anthu a m'gulu lanu ndi atsikana angapo amene anamva pakhomo la tchalitchi. Mukaimirira Lamlungu udziwa mpingo wonse, ndi alendo omwe. Inu mudzakhala pansi mutapepukidwa, anthu akuti ameni, mwana atasenza katundu wachiwiri. Kumeneko n'kujambula kope lomwe lija, kungoti ndi pakamwa. A Dikoni ndikuwalemekeza, koma muwauze kuti maganizowo mwawabweza kumwamba kuti akaonedwenso.

Funso la ambulera mwaliyankha nokha. Werenganinso kalata yanu. Dona anayamba kudya, maso kuyera, kukangana ndi azing'ono ake, inu musanatsegule kope. Sindikunena kuti pemphero n'lachabe. Inenso ndimagwada, ngakhale maondo ayamba kudandaula. Koma Mulungu amadziwa kumene kuli galaja, mapu anu sanawadikire.

Munam'funsa mlangizi ngati kukumana kasanu n'kamodzi kungakwane. Tsiku limene munagula makina anu, wogulitsa sanakulonjezeni kuti pepala silidzakodwamo. Anakuonetsani potsegula, pokoka, ndi pamene simuyenera kugwira chifukwa pamawotcha. Kenako anapita, inu n'kutsala nawo zaka zonsezi. Thandizo la masabata ochepa ndi lotero. Sililetsa chibaba kubweranso. Limaphunzitsa mwana kuchiona chikubwera, kuchipatsa nambala, ndi kupeza chochita mpaka chitsike. Woigwira ntchitoyo ndi Dona mwini wake, ndipo imatheka pokhapokha akamalemba zoona, ndipo mwana amalemba zoona akadziwa kuti palibe akusuzumira. Mayi a kwaya akaima kuseri kwa galaja, Dona samwa tsikulo, ndikuvomera, koma saphunzira kudutsa kanjirako yekha. Mayiwo ali ndi kwaya yoti aphunzitse, sadzaima pamenepo mpaka mwana adzakwatiwe. Za tsiku lanu limodzi lija, ine ndakhulupirira mkazi wanu. Ngati kwa inu zinatenga katatu, musadabwe mwana kufuna kasanu n'kamodzi.

Onaninso kuti kope lija linagwira ntchito yake, linapeza naini. Mwina mlangizi akanakambirana nanu za mzere umenewo tsiku lomaliza, mofatsa, Dona atalola. Inu munaupeza msanga n'kuuveka kapepala. Koma taonani mwayi wanu. Galaja simungaisamutse, golosale simungaitseke, pomwe naini ameneyo mungamuthetse Loweruka likubwerali popanda kupempha chilolezo kwa munthu. Pempherani chamumtima, m'chipinda mwanu. Aneba achape mwamtendere.

Mawa m'mawa muimbireni mlangizi. Muuzeni kuti chimfine chija chinali fotokope. Musaope, anthu a ntchito imeneyi aona makolo ambiri owerenga makope a ana, ngakhale ndikukayika ngati anaonapo womata m'pulasitiki. Ayenera kudziwa chifukwa chenicheni chimene mwana wajombera, kuti aone ngati angam'sungire malo, ndiponso ngati angalankhule naye yekha Dona pa foni ya mayi ake. Mum'funse ngati kope latsopano lingamatsale ku kiliniki m'kabati yake, kapena ngati pali njira ina yopanda kulemba. Za maso ofiira aja mumuuzenso.

Kenako tsekani shopu masana amodzi, muyende khomo ndi khomo kwa anzanu a m'gulu. Mutolere mapepala onse, a ulendo woyamba ndi wachiwiri, ndipo muwawerenge monga mmene mumawerengera ziphaso za kasitomala asanachoke. Madzi akatayika sawoleka, koma mapepala amawoleka. Funsaninso ngati wina anajambula ndi foni, afufute inu muli pomwepo. Auzeni kuti munalakwa kuwapatsa, kuti apitirize kupemphera ali kwawo, ndipo akakumana ndi Dona azim'patsa moni wa anthu onse, wopanda manambala. Mayi a kwaya muwathokoze, chifukwa anachita ndi mtima wabwino, koma ambulera ipume.

Mapepalawo, pamodzi ndi anu ndi kope lija, muwaike m'envulopu mum'patse Dona. Achite nawo zimene akufuna. Musakonze mwambo wowotcha, musaitane gulu. Kupepesa kwanu kukhale kwakufupi. Munatenga kope lake kawiri, munaligawa, munabisa mzere wonena za inu, munalakwa. Pamenepo tsekani pakamwa. Ndaona m'kalatamu kuti panu pamapitiriza pokha, ndiye mayi a Dona akhale moyandikana ndi phazi lanu. Pasakhale vesi, pasakhale zoti ndimakufunira zabwino, ndipo musam'funse ngati wakukhululukirani. Zimenezo adzakuuzani yekha, mwina chaka chino, mwina ali ndi ana ake. Mkazi wanunso ali ndi kupepesa kwake kumene akudikira, chifukwa munam'siya akugwira ntchito ya mlangizi yekha inu mukugwetsa kumbuyo.

Zomukoka dzanja Lachinayi musayese. Thupi lake mukhoza kulifikitsa pa mpando wapulasitiki, koma mlangizi akufuna mwana wolankhula. Mayi ake, amene asunga zinsinsi za dera lonse, ndiwo amuuze kuti malo akadalipo, kuti kope latsopano silidzalowanso m'nyumba, ndipo kuti iwo ndi okonzeka kutseka saluni n'kumuperekeza. Za kalata ya kusukulu amuuze kamodzi, mosaopseza. Ali Folomu 3, akudziwa chimene angataye.

Pali chimodzi chimene sindikuseka nacho. Mwana amene wasiya mankhwalawa masabata angapo, thupi lake silikhalanso lozolowera, choncho akabwerera n'kumwa mlingo wakale akhoza kupwetekeka kwambiri, makamaka akasakaniza ndi mowa kapena mapiritsi. Mukam'peza ali m'tulo tosadzuka ngakhale mum'gwedeze, akupuma motalikitsa, kapena milomo yasintha mtundu, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, botolo mutenge. A Dikoni mudzawaimbira muli pa benchi ya kuchipatalako. Koma akangoterereka kamodzi n'kumwa, musati zonse zagwa. Alangizi amadziwa kuti kuterereka kumachitika, ndipo zambiri zimene amaphunzitsa m'maulendo omaliza n'za kudzuka kwake.

Sindikukulonjezani kuti Lachinayi apita. Mwina akana, malo n'kupita kwa mwana wina, inu n'kuyambiranso pamzere ndi kukachonderera kwa a hedi. Zikatero mudzatero. Koma akakonzeka n'kutuluka ndi mayi ake, inu mukhale ku shopu monga mwa masiku onse. Akabwerako musam'funse zimene akambirana, musafunse mayi ake, musaimbire mlangizi, chikwama chake musachiyang'ane n'komwe. Mudzafuna kudziwa, manja adzayabwa, mtima udzakuuzani kuti kamodzi kokha sikalakwika. Pamenepo mudzayamba kuphunzira zimene mwana wanu wakhala akuphunzira yekha m'kachipinda kaja. Muchimve chikubwera, mukhale pansi, mudikire mpaka chitsike.

Aphungu.